Kuluka chopachika pakhoma ndi mapepala okutira mphatso

Ukwati kapena chinkhoswe chikatha, mapepala okutira mphatso amatsala mulu, ndipo ambiri amathera kudzala. Ife oluka timawatola, chifukwa akadulidwa timizere n'kulowetsedwa mu ulusi amatulutsa chokongoletsa khoma chomwe munthu akachionera patali amayesa nsalu.

Luso la pepala ndi lakale. Ku Japan kuli nsalu yotchedwa shifu, yowombedwa ndi ulusi wopotedwa kuchokera ku pepala la washi, ndipo tauni ya Shiroishi inatchuka nayo. Anthu ankaivala, n'kumaichapa. Komatu washi amapangidwa ndi makungwa a mtengo wa kozo, wa luzi lalitali. Pepala la mphatso la m'golosale lilibe mphamvu imeneyo, choncho musalisenzetse katundu. Ulusi woimirira, womwe umagwira chinthu chonse, ukhale wathonje wolimba. Pepala lizingodutsa chopingasa.

Kuluka kwenikweniko n'kosavuta. Ambiri amalakwitsa posankha ndi podula. Finyani pepala m'manja, kenako tambasulani dzanja. Likakhala chofinyika, ndi pepala lenileni. Likadzitambasula lokha, lili ndi pulasitiki: limeneli limaterereka pa ulusi, silisunga mpindo, ndipo guluu saligwira. Ngakhale linyezimire bwanji, ine ndimalisiya.

Chachiwiri, pepala lopangidwa pamakina lili ndi mbali imene luzi lake linagonera. Ng'ambani kachidutswa muone: mbali ina ling'ambika mowongoka, ina mokhotakhota. Dulani motsata yowongokayo, apo ayi timizere tidzaduka pokoka. Yambani mwachotsa selotepi yense, musite pepalalo ndi simbi yosatentha kwambiri mutayala nsalu pamwamba, ndiyeno mudule timizere ta masentimita 2 m'lifupi. Pindirani m'mphepete monse muwiri pakati kuti kumbuyo koyera kubisike.

Chowombera ndi felemu yakale ya chithunzi kapena matabwa anayi, okhomedwa misomali kumtunda ndi kumunsi motalikirana sentimita imodzi. Kungani ulusi, koma osati zolimba kwambiri. Kamzere kazilowa pamwamba, pansi, pamwamba, monga mmene amalukira lichero. Pepala silitamuka ngati ulusi, ndiye musalikhotetse pamapeto kuti libwerere. Kamzere kalikonse kakhale ndi mzere wakewake, nsonga zake muzipindire kumbuyo n'kumata. Kankhani ndi zala, osamenya ndi chipeso, ndipo pakadutsa timizere titatu kapena tinayi lowetsani mizere iwiri ya ulusi kuti zonse zimangike.

Maluwa ndi malemba a papepala musawawerengere, podula amasowa, umatsala mtundu wokha. Sanjani mapepala potengera mtundu. Mitundu iwiri kapena itatu yakwana, ndipo timizere ta pepala lakhaki pakatipakati timapumitsa maso.

Pomaliza pakani guluu woyera wa matabwa, wosungunula ndi madzi pang'ono, mopyapyala. Guluu wa ufa kapena wa chinangwa ndi wotchipa koma amaitana mphemvu. Pachikani ndi kansungwi pakhoma losaomba dzuwa, chifukwa inki yofiira ndi yachikasu ndiyo imayamba kusuluka. N'chifukwa chake zithunzi zakale za pamakoma a m'misika zimaoneka zabuluu. Ngati khoma lanu limanyowa m'dzinja, ikani kathabwa kumbuyo kwa nsungwiyo kuti pepala lisakhudze khoma ndipo mpweya uzidutsa.