Kupalasa kumunsi kwa damu pa mitsinje ya ku Mulanje: mafunso ndi mayankho

Ruo, Lichenya ndi Likhubula ndi mitsinje yobadwira m'phiri la Mulanje, ndipo imatsika ndi liwiro pakati pa miyala ikuluikulu. Pa Ruo ndi pa Lichenya pali makoma opatutsira madzi kumakina opangira magetsi. Mayankhowa ndi a aliyense wolowa m'madzi otere, kaya ndi kayaki (kabwato kakang'ono kopalasa ndi nkhafi), kaya ndi chubu cha galimoto monga amachitira anyamata kumudzi.

Kodi magiredi amene opalasa amatchula ndi chiyani?

Ndi muyeso wa kuopsa kwa madzi, kuyambira 1 mpaka 6, ndipo umagwiritsidwa ntchito m'mayiko ambiri. Giredi 1 ndi madzi oyenda okhala ndi timafunde chabe. Pa giredi 3 mafunde amatha kugubuduza bwato. Kuyambira giredi 4 lamulo ndi lakuti mutsike, muyende m'mbali mukaone kaye njira. Giredi 5 ndi ya akatswiri okhaokha, pomwe 6 ndi malo amene ngakhale akatswiriwo amanyamula bwato pamutu. Koma giredi siyolembedwa pamwala. Pamene munadutsa mukuseka mu Seputembala pakhoza kukhala pa giredi 4 mu Febuluwale. Za mathithi a Zoa ku Thyolo, pomwe Ruo amagwa pafupifupi mamita 60, musafunse n'komwe giredi.

Khoma la damu ndi lalifupi, silifika n'komwe m'khosi. Sindingatsike nalo?

Ayi, ndipo pa malamulo onse ili ndiye losakambirana. Madzi akagwa pakhoma amalowa pansi, kenaka a pamwamba amabwerera kukhomako. Chilichonse choyandama chimakokedwa, kumizidwa, kutumphuka, n'kukokedwanso. Mukaona botolo kapena chipika chikuvina pamalo amodzi tsiku lonse osachoka, dziwani kuti munthu amavinanso chimodzimodzi. Madzi a thovu ndi odzaza mpweya, motero sanyamula thupi bwino, ngakhale mutavala jekete yoyandamitsa. Mathithi achilengedwe amakhala ndi mpata pena pake pothawira. Khoma la simenti ndi lowongoka kuchoka tsidya lino mpaka tsidya linalo, mpata palibe. Chopusitsa n'chakuti ukamachokera kumtunda madzi amaoneka odekha ngati dziwe, khomalo osaoneka mpaka utafika pamlomo pake. Tulukani patali, nyamulani bwato, mukalowenso kumunsi kupitirira pomwe madzi akubwadamuka.

Kunja kuli ngwee. Mtsinje ungadzaze bwanji?

Mvula imene imadzaza Ruo si imene ikugwa pa Muloza kapena ku Limbuli. Ndi ya pamwamba pa phiri, pomwe nsonga ya Sapitwa imafika mamita 3,002 ndipo mitambo imakhuthula madzi pathanthwe losamwa kanthu. Madziwo amafika pansi inu mukuwothera dzuwa. Akuluakulu amene anaona napolo wa ku Phalombe mu 1991, ndi tonse amene tinaona namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, sitifunika kuuzidwa zambiri.

Chifukwa chachiwiri ndi damulo. Makina a magetsi akazima mwadzidzidzi, madzi amene amapita m'mapaipi amasefukira pakhoma n'kubwerera mumtsinje. Mwala umene munayanikapo zovala umamira. Madzi akayamba kufiira, kubwera ndi masamba ndi tinthambi, kapena mkokomo ukasintha, kwerani kumtunda nthawi yomweyo. Nsapato muzisiye.

Ndagwa m'bwato pakati pa liwiro, nditani?

Musayese kuimirira. Phazi likalowa pakati pa miyala, madzi amakugwetsani chafufumimba n'kukupanikizani, ngakhale pamalo ofika m'chiuno. Gonani chagada, mapazi kutsogolo ndi pamwamba kuti ndiwo azigunda miyala, mpaka mutafika podekha. Mtengo wogwera mumtsinje muuthawe. Madzi amadutsa m'nthambi zake, munthu sadutsa.

Nanga mnzanga akakodwa pansi pa khoma?

Mtima umati dumphiramo, koma mukatero omira akhala awiri. Khalani pamtunda, muponyereni chingwe kapena mumupatse nsungwi yayitali, wina athamange kukaitana anthu. Chingwecho musadzimange nacho m'chiuno.

Ndivale chiyani?

Jekete yoyandamitsa yomanga bwino ndi chipewa cholimba. Madzi a m'phiri amazizira kwambiri, makamaka chiperoni chikawomba mu Juni ndi Julaye, ndipo manja ozizidwa sagwira nkhafi. Musapite nokha, ndipo wa mowa atsale.

Pali zina zoyenera kudziwa pa Ruo?

Mbali yaikulu ya mtsinjewu ndi malire ndi Mozambique, choncho mukakocheza tsidya linalo muli m'dziko la eni. Kumunsi, cha ku Chiromo komwe Ruo amathira mu Shire, kuli ng'ona. Musanalowe m'madzi mverani uthenga wa nthambi yoona zanyengo, ndipo ngati mukudutsa m'minda ya tiyi kapena pafupi ndi malo opangira magetsi, pemphani chilolezo kwa oyang'anira, muwafunsenso ngati makina akuyenda tsiku limenelo.