Magalimoto a ku Willowvale

Nkhani ya katangale ikamveka pa wailesi, achikulire athu a ku Mbare ndi Mufakose mumzinda wa Harare ku Zimbabwe, ana a anthu amene anachokera ku Nyasaland, amangopukusa mutu n'kunena kuti zinayambira ku Willowvale.

Ku Willowvale, kuno ku Harare, kunali fakitale yolumikiza magalimoto. M'zaka za m'ma 1980 ndalama zakunja zinkasowa, magalimoto atsopano anali ochepa, ndipo mtengo wake unkaikidwa ndi boma. Munthu wamba ankalembetsa dzina n'kudikira mpaka kutopa. Nduna sizinkaima pamzere. Zinkagula Toyota Cressida pamtengo wa boma n'kukaigulitsa pamtengo wokwera zedi.

Zinaululika mu 1988, cheke cha munthu wina chochokera ku fakitaleyo chitasochera kwa phungu Obert Mpofu. Nyuzipepala ya ku Bulawayo, The Chronicle, mkonzi wake Geoffrey Nyarota, inaikoka nkhaniyo osaisiya. Agogo anga aamuna, telala wa ku Mbare, ankasiya makina osokera ikafika nyuzipepalayo. Ankaiyala pa tebulo lodulirapo nsalu, anzawo atazungulira, mmodzi akuwerenga n'kumamasulira m'Chichewa.

Pulezidenti Robert Mugabe anakhazikitsa komiti yofufuza, yotsogozedwa ndi woweruza Wilson Sandura. Mu 1989 anthu anaona zomwe sanaziganizirepo, nduna zikufunsidwa poyera, zina zikuchita chibwibwi. Enos Nkala, Dzingai Mutumbuka, Callistus Ndlovu ndi Frederick Shava anatula pansi maudindo. Nduna ina, Maurice Nyagumbo, amene anakhala m'ndende za atsamunda zaka pafupifupi 20, anamwa poizoni n'kufa. Imfa yake imandipweteka mpaka lero.

Koma chomwe chinawawa agogo ndi chomwe chinatsatira. Khoti linapeza Shava wolakwa pa mlandu wonama atalumbira ndipo linamulamula kukakhala kundende miyezi 9. Mugabe anamukhululukira. Nyarota anachotsedwa pa ukonzi n'kupatsidwa ntchito ina ku Harare, ati kumukweza. Wakuba anamasulidwa, wokuwa n'kutsekedwa pakamwa.

Shava pambuyo pake anakhala kazembe ku China, ndipo mu 2021 anasankhidwa kukhala nduna ya zakunja. Agogo, amene sanabepo ngakhale singano, anamwalira chiphaso chawo chikadalembedwa kuti ndi mlendo. Lamulo la unzika la 2001 litabwera, lomwe linachotsera unzika anthu ambiri amene makolo awo anachokera kunja, iwo ndi anzawo ambiri a ku Mbare anabwezedwa pamalo oponyera voti, ndipo panalibe wowakhululukira.