Northern Lights: chamba chachifupi chomwe sichigwirizana ndi dzinja lathu

Chiyambireni 2020, pomwe Nyumba ya Malamulo idavomereza ulimi wa chamba cha mankhwala ndi cha m'mafakitale, nkhani ya mbewu zakunja yalowa m'kamwa mwa alimi. Ulimiwu ndi wa okhawo omwe ali ndi chilolezo cha bungwe la boma loyang'anira ulimi wa chamba la Cannabis Regulatory Authority. Kulima popanda chilolezo ndi mlandu. Koma ngakhale mlimi wa chilolezo amagwa nayo akaisamala mbewu yakunja ngati chamba cha makolo.

Titenge Northern Lights, mtundu wotchuka wa gulu la indica. Makolo ake ambiri ndi a ku Afghanistan. Udakonzedwa ku America, kenako m'zaka za m'ma 1980 udafika ku Netherlands, komwe makampani a mbewu adaufalitsa. Ndi wachifupi, kawirikawiri supitirira kwambiri mita imodzi, tsinde lake ndi lonenepa, masamba ndi otambalala ndi obiriwira modera, ndipo mfundo zake ndi zoyandikana. Maluwa amakhwima pa masabata 7 mpaka 9, amaumbana molimba ndipo amadzaza utomoni. Malawi Gold, yemwe ndi wa gulu la sativa, ndi wamtali, wa masamba opyapyala, maluwa ake ndi otayana, ndipo amatha miyezi itatu kapena kuposerapo asanakhwime.

Vuto loyamba ndi kutalika kwa tsiku. Chamba chimayamba maluwa usiku ukatalika. Kwawo kwa indica, kumapiri a Hindu Kush a ku Afghanistan ndi Pakistan, dzuwa la m'chilimwe limawala maola oposa 14, choncho mbewu imakula kaye n'kudzachita maluwa masiku akayamba kufupika. Ku Lilongwe tsiku lalitali, mu Disembala, silifika n'komwe maola 13, ndipo mu Juni limatsika kufika pa maola 11 ndi mphindi zochepa. Kwa Northern Lights, kuno nyengo ya maluwa siitha. Mukangoibzala pamtetete imachita maluwa ikadali yofika m'bondo, zokolola n'kukhala zochititsa manyazi. Ambiri amathamangira kunena kuti mbewu ndi yabodza kapena feteleza wachepa, chonsecho nkhani ndi ya kuwala.

Mankhwala ake ndi mababu. M'shedi ya pulasitiki, yatsani magetsi dzuwa likamalowa kwa maola 5 kapena 6, kuti kuwala kukwane maola 18. Sakufunika mababu amphamvu kwambiri, bola kuwala kufike pa mbewu iliyonse. Magetsi akathima usiku umodzi palibe chodandaulitsa, koma akathima masiku angapo motsatizana maluwa amayamba, n'chifukwa chake sola ndi batire n'zofunika kuzigula msanga. Pakatha masabata anayi kapena asanu, mbewu zikafika masentimita 40 mpaka 50, lekani kuyatsa. Kuyambira apo usiku uzikhala wamdima weniweni maola pafupifupi 12. Babu la mlonda lowalira m'shedi likhoza kusokoneza mbewu yaikazi mpaka kutulutsa timaluwa tachimuna.

Za dothi sitichulutsa. Likhale lotaya madzi msanga, la pH (muyezo wa asidi m'dothi) ya pakati pa 6.0 ndi 7.0, m'mapoto a malita 15 mpaka 20. Thirirani pokhapokha dothi lapamwamba litauma masentimita awiri kapena atatu. Masamba olefuka pa dothi lonyowa ndi chizindikiro choti mizu ikubanika. Nayitirojeni ndi wa nthawi yokula. Maluwa akayamba muchepetseni, muonjezere potaziyamu ndi fosifolasi. Nsonga za masamba zikapsa, feteleza wachuluka.

Mbewu zachimuna zizulidwe zisanatulutse mungu. Zimadziwika ndi timipira tating'ono pamfundo, pomwe zazikazi zimatulutsa tiubweya tiwiri toyera. Duwa lolandira mungu limataya mphamvu popanga njere, ndipo ogula a mankhwala salifuna. Mungu umauluka ndi mphepo makilomita angapo, choncho chamba chongomera chokha kutchire kapena kudimba la mnzanu chikhoza kukuonongerani shedi yonse.

Mdani wamkulu ndi chuku cha m'maluwa, chomwe akatswiri amati botrytis. Kulimba kwa duwa, komwe kumakopa ogula, n'komwenso kumatsekera chinyontho m'kati. Kuola kumayambira pafupi ndi tsinde, kunja kukuoneka bwinobwino. Chizindikiro choyamba ndi katsamba kamodzi kotuluka m'duwa komwe kafota kokha. Mukakakoka kamathothoka mosavuta, ndipo mukatsegula duwalo mupeza m'kati mwabulauni, muli ubweya wotuwa. Dulani masentimita asanu kunsi kwa poola, ikani m'jumbo pomwepo osagwedeza, pukutani sizasi ndi sipiliti. Musapopere mankhwala ophera chuku pa maluwa, chifukwa zokolola za chamba cha mankhwala zimayezedwa ndipo zotsalira za zomwe mudapopera zikapezeka katundu amakanidwa.

Kupewa n'kusunga chinyontho cha mumpweya pakati pa 40 ndi 50 peresenti m'masabata omaliza, kutentha kwa masana pa madigiri 22 mpaka 28. Mu Januwale ndi Febuluwale, mvula ili pakati, izi n'zosatheka popanda makina oumitsa mpweya. Nzeru yotchipa ndi kuwerengera kuti maluwa akhwime pakati pa Meyi ndi Seputembala, ngakhale ku Thyolo ndi ku Mulanje chiperoni chimabweretsanso chinyontho miyezi yomweyo. Talikitsani mapoto kuti nthambi zisakhudzane, sadzani masamba ndi mphukira zakunsi maluwa asanayambe, mafani azizungulira usiku wonse, ndipo thirirani m'mawa. Kutentha kwa Okutobala nako kuli ndi zake: akangaude ofiira, omwe aja a pa tomato, amaswana kunsi kwa masamba.

Pokolola musadalire kalendala yokha. Onani timadontho ta utomoni ndi galasi lokulitsa zinthu: tikakhala toyera ngati mkaka, tochepa titayamba kufiirira, nthawi yakwana. Yanikani nthambi m'chipinda chamdima, pa madigiri 18 mpaka 20 ndi chinyontho cha 55 mpaka 60 peresenti, kwa masiku 10 mpaka 14, kufikira tinthambi tikamathyoka m'malo mopindika. Chigafa cha fodya sichiyenera: mumalowa fumbi, kuwala ndi chinyontho cha usiku. Poyerekeza phindu, kumbukirani kuti pa makilogalamu anayi a maluwa aawisi mumatsala pafupifupi kilogalamu imodzi youma.