Makaseti a ku Balaka atafika kunyanja: nyimbo za m'ma 1990 ndi mkangano wa eni ake

Chimwalirireni Lucius Banda pa 30 June 2024, nyimbo za m'zaka za m'ma 1990 zabwereranso mwamphamvu ku Mangochi. Pa boma, pa Makawa, ku Monkey Bay mpaka ku Namwera, anyamata oika nyimbo m'mafoni ndi m'mamemore khadi ali ndi mulu wapadera wa "zakale", ndipo munthu akapereka kangachepe amachoka ndi nyimbo zambirimbiri. Oimba amene adakali moyo, pamodzi ndi mabanja a amene adatsogola, akuti kumeneku n'kukolola m'munda mwa eni. Anyamatawo akuyankha kuti pakadapanda iwo, nyimbozi zikadaolera limodzi ndi makaseti. Mkanganowu ndi wakale kuposa mafoni, ndipo muzu wake uli pa mmene nyimbozo zidafikira kunyanja kuno.

Za kumbuyo sitichedwa nazo. Mu ulamuliro wa chipani chimodzi wailesi inali imodzi, ya MBC. Oimba ambiri ankajambulitsa komweko, tepi n'kutsala m'nyumba ya wailesiyo, ndipo mawu a nyimbo ankayenera kukhala osakhumudwitsa boma. Allan Namoko ndi anzake a mabanjo adatchuka dziko lonse, koma kutchukako sikudawalemeretse.

Zinthu zidatembenukira ku Balaka, ndipo anthu ambiri amaiwala kuti mu mpingo wa Katolika Balaka ali pansi pa dayosizi ya Mangochi. Pa 8 March 1992 kalata ya maepiskopi yodzudzula ulamuliro idawerengedwa m'matchalitchi m'dziko lonse. Mmodzi mwa oisayina anali Episkopi Alessandro Assolari wa Mangochi. Kalatayo idasindikizidwa ku Balaka, pa makina a ansembe a chipani cha Montfort, ndipo sipadapite masiku ambiri nyumba ya makinawo idatenthedwa. Pa Balaka pomwepo mpamene panali Alleluya Band, gulu lomwe lidayamba mu 1978 mothandizidwa ndi wansembe wa ku Italy, Mario Pacifici, ndipo wotsogolera nyimbo anali Paul Banda, mkulu wake wa Lucius. Achinyamata a m'gululi adaona ndi maso awo chimene chimachitika munthu akayankhula, komanso adaona kuti boma lidagwedezeka. Riferendamu idabwera pa 14 June 1993, chisankho pa 17 May 1994. Chimbale choyamba cha Lucius, Son of a Poor Man, chomwe adakajambula ku South Africa, chidagwa m'katikati mwa nyengo imeneyi. Ena amachiika mu 1993, ena mu 1994, ndipo zikuoneka kuti oyambawo amawerenga chaka chojambula pamene enawo amawerenga chotulutsa. M'menemo ndi mmene munali "Mabala", nyimbo yokumbutsa nkhanza za ulamuliro umene unkatha.

Olemba ambiri amathera pamenepa, amvekere ufulu woyankhula ndiwo udabala nyimbo za ku Balaka. N'zoona, koma ufulu wokha sukadafikitsa nyimbo kwa mlovi wa ku Msaka. Zidafunikanso situdiyo yotsika mtengo ndi kaseti.

Situdiyo ya Paul Banda, Imbirani Yahweh, yomwe anthu amangoti IY, idachotsa vuto lalikulu la woimba wosauka, losowa gulu ndi zida. Ng'oma ndi besi zinkatha kuchokera mu kiyibodi, wojambula n'kusanjikapo gitala, kenako mawu a woimba ndi othandizira. Munthu wobwera ndi nyimbo zake m'mutu ankatha kutuluka ndi chimbale. Billy Kaunda wa Mwapindulanji, Mlaka Maliro wa Dzanja Lalemba, Charles Nsaku, Coss Chiwalo ndi Charles Sinetre onse adatchuka ndi kamvekedwe ka ku Balaka kameneka. Odzudzula amati nyimbozo zinkafanana ngati nyemba za mu mphika umodzi, komanso kuti kiyibodi idapha banjo. Kufananako kunalipodi. Koma kugunda kwa reggae kodekha kuja kunkasiyira mawu malo, ndipo mawu ndiwo anthu ankagula: za umphawi, za ana amasiye pamene Edzi inkasesa midzi, za andale olonjeza osachita. M'boma la Mangochi, momwe ambiri amayankhula Chiyao pakhomo ndipo ambiri ndi Asilamu, nyimbo zochokera m'gulu la Akatolika zinkaimbidwa m'malo ogulitsira tiyi ndi pa madoko popanda wofunsa za mpingo.

Kaseti nayo inali ndi malamulo ake. Ya C-60 imatenga mphindi 30 mbali imodzi, n'chifukwa chake zimbale zambiri zinkakhala ndi nyimbo pafupifupi khumi, theka uku theka uko, ndipo nyimbo yodalirika ankakonda kuiika koyambirira kwa mbali A kuti wogula akailawa pa sitolo asabwerere. Woimba ankapereka masitala, tepi yoyamba yokoperako makaseti onse, kwa wogulitsa wamkulu, ndipo dzina lomwe aliyense amakumbuka ndi la O.G. Issa wa ku Limbe. Kuchokera kumeneko makaseti ankatsata msewu wa nsomba mobwerera: ogula usipa ndi utaka akatsitsa katundu mu Limbe, ena ankabwera nawo kudzera ku Liwonde ndi Ulongwe mpaka pa Mangochi. Kumadoko kopanda magetsi wailesi ya kaseti inkadya mabatire akuluakulu kapena kulumikizidwa ku batire ya galimoto. Pofuna kusunga moto, anthu sankabweza tepi ndi wailesi; ankalowetsa cholembera cha Bic pa bowo la kaseti n'kumaizunguza m'mwamba.

Apa mpamene ndalama za woimba zinkatayikira. Wailesi ya makomo awiri inkakopera kaseti imodzi kukhala khumi usiku umodzi. Kaseti yogula imakhala yothyoledwa timapini tiwiri ta pamwamba kuti isafufutike, koma kungomata selotepi pa mabowowo, kaseti yakale iliyonse inkalandira nyimbo zatsopano. Kukopera kulikonse kunkawonjezera phokoso la "sss" ndi kuchepetsa mawu opyapyala, makamaka akakopera mothamangitsa, moti kaseti yokopedwa kuchokera ku inzake yokopedwa inkamveka ngati woimba ali m'mtsuko. Bungwe loteteza umwini wa luso la COSOMA, lomwe lidakhazikitsidwa mu 1992 potsatira lamulo la 1989, lidayamba kumata tizizindikiro pa makaseti ovomerezeka kuti abodza azidziwika. M'masitolo a m'tauni zidathandiza. Kudoko kunalibe woyendera. Choncho ziwerengero za makaseti ogulitsidwa zomwe zimatchulidwa lero tiyenera kuzimva mosamala: zimachokera m'kukumbukira kwa oimba ndi ogulitsa, ndipo makaseti okopedwa m'makomo sadalembedwe m'buku lililonse.

Kuchokera pamenepa zinthu zidathamanga. MBC idatsegula Radio 2 mu 1997, chaka chomwe Lucius adayambitsa Zembani Band. Wailesi ya Dzimwe idayamba ku Monkey Bay mu 1998, Radio Maria pa Mangochi mu 1999, chaka chomwenso kanema wa boma adayamba. Kenako Evison Matafale ndi Black Missionaries adakokera makutu a anthu ku Chileka, CD idalowa, kompyuta idalowa, kaseti n'kuzilala.

Lamulo latsopano la 2016 lidaika kamsonkho pa zipangizo zosungira nyimbo, monga mafoni ndi mamemore khadi, kuti COSOMA izigawira eni luso. Anyamata a pamsika amagwira mfundo imeneyi, amati woimba adalipidwa kale pamene foni inkalowa m'dziko. Koma kamsonkhoko cholinga chake n'kulipira kukopera kwa munthu payekha pakhomo, osati kugulitsa. Mfundo yawo ina, yoti adapulumutsa nyimbo, ili ndi chilungamo pang'ono, pakuti nyengo ya kunyanja siichitira chifundo kaseti. Kutentha kumapinda chikombole, chinyezi chimameretsa nkhungu pa tepi, mchenga umakanda mutu wa wailesi, ndipo kampira kokoka tepi kakauma kamaitafuna. Wofuna kusamutsa kaseti yakale ayenera kuyamba wapukuta mutu ndi kampirako ndi thonje lonyowetsa ndi sipiriti, n'kupititsa tepi mpaka kumapeto ndi kuibweza kamodzi kuti imasuke, kuona ngati kansalu kopanikiza tepi kadakalipo, kenako kulumikiza waya ku kompyuta osakweza mawu mpaka kusweka. Ambiri sachita zimenezi. Lamba wa wailesi akatha, nyimbo imasamuka ikuyenda pang'onopang'ono kapena ikugwedera, ndipo ana a lero amayesa ndi mmene idaimbidwira.

Chotayika kwambiri ndi chikuto. Pa kapepala kopindidwa ka m'kaseti m'pamene pankalembedwa situdiyo, woimba gitala, wa kiyibodi ndi amayi othandizira mawu. Pa memore khadi pamatsala dzina limodzi, nthawi zina lolakwika, ndipo si zachilendo kupeza nyimbo ya woimba wina wa ku Balaka italembedwa kuti ndi ya Lucius, kapena yangotchedwa "Track 04".