Pad yabwino imapuma ngati kwaya

Mnyamata wina anabwera ku situdiyo kwanga ndi nyimbo ya amapiano imene anaipanga pa FL Studio, pulogalamu ya pakompyuta yopangira nyimbo. Ng'oma zinali bwino, log drum (ng'oma ya besi ya amapiano) ikugunda mpaka pachifuwa, koma iye ankadandaula kuti nyimboyo ikumveka youma. Anali atasunga kale ndalama ndipo ankafuna ndimuuze synthesizer (chida chopangira mawu ndi magetsi) yoti agule. Ndinamupempha kuti ndalamazo zikhale kaye m'thumba, timvetsere limodzi chimene chikusowa. Chinkasowa chinali pad.

Pad ndi mawu aja ofewa, otalika, amene amayalidwa kumbuyo kwa nyimbo. Amene mumapita kutchalitchi mumaidziwa kale: abusa akamapemphera, wa kiyibodi amagwira makiyi osawasiya, mawu n'kumayenda chapansipansi ngati kwaya yoimba milomo ili yotseka. Munthu saitchera khutu, koma ikangosiya, aliyense amamva kuti china chachoka.

Posankha chida chopangira pad, funso loyamba si dzina la kampani ayi. Funsani kuti chimatha kuliza manotsi angati nthawi imodzi. Minimoog, imene inatuluka mu 1970, imaliza notsi imodzi basi. Pa besi ndi yosayerekezeka, koma chord (manotsi angapo olira limodzi) simungaigwirepo. Prophet-5 ya Dave Smith, ya mu 1978, imaliza 5. Juno-106 ya Roland, ya mu 1984, imaliza 6. Korg Minilogue ya mu 2016, imene ambiri amaikonda chifukwa cha mtengo wake wofikirika, imaliza 4.

Manambalawa amaoneka okwanira mpaka mutaganizira mmene pad imakhalira. Mwagwira chord ya manotsi 4, mwaisiya, koma mawu ake akupitirira kuzilala kwa masekondi awiri kapena atatu. Mukagwira chord yotsatira, pakufunika malo a manotsi ena 4, onse pamodzi 8. Chida chikakhala ndi malo 4 okha, chimadula mchira wa chord yoyamba kuti chilize yachiwiri, ndipo khutu limamva kadukidwe kaja. N'chifukwa chake ine ndimati munthu amene cholinga chake ndi pad ayambire pa manotsi 8 kupita m'tsogolo. Juno imapulumuka ndi 6 ake chifukwa oiliza amadziwa kuchepetsa zala.

Funso lachiwiri ndi la manja: kodi zosinthira mawu zili poyera? Yamaha DX7 ya mu 1983 inagulidwa kwambiri, koma kuti usinthe mawu ake umadutsa pa kagalasi kakang'ono, kusintha nambala imodziimodzi, moti ambiri ankangoliza mawu amene anabwera nacho chidacho. Pa Juno, chilichonse chili pamaso, ukakankha ndi chala umamva kusintha nthawi yomweyo. Wophunzira amafunika chida chotere, chifukwa khutu limaphunzira msanga dzanja likamagwira nawo ntchito.

Ngati muli ndi laputopu, yambani ndi zaulere. Vital ya Matt Tytel, synthesizer ya pakompyuta imene inatuluka mu 2020, ili ndi mtundu waulere ndipo imakuonetsani pagalasi chilichonse chimene chikuyenda m'mawuwo. Surge XT nayo ndi yaulere. Ndalama zanu zipite ku kiyibodi ya MIDI (yolumikiza ku laputopu) ya makiyi 49. Ya 25 imapanikiza manja awiri.

Tsopano kapangidwe kake. Yambani ndi oscillator (magwero a mawu mu synthesizer) ziwiri, zonse pa sawtooth, amene ndi mawu owala, olumaluma ngati njuchi. Imodzi muikweze pang'ono, ma cent 5 mpaka 10 (kuchoka pa kiyi imodzi kufika pa yoyandikana nayo pali ma cent 100). Ziwirizi zikasemphana pang'ono chonchi, mawu amayamba kugwedera mwapang'onopang'ono. Ndi zomwe zimachitika mu kwaya: anthu 20 saimba notsi yofanana ndendende, ndipo kusiyana kwakung'onoko ndiko kumanenepetsa mawu. Roland anatenga nzeru yomweyi pa JP-8000 mu 1996, n'kusanjikiza sawtooth 7 pa notsi imodzi, mawu amene anawatcha Super Saw ndipo anadzaza nyimbo za trance ku Ulaya. Koma samalani, mukasemphanitsa kwambiri zimamveka ngati gitala yosachunidwa.

Kenaka low-pass filter, sefa imene imadula mawu okwera n'kusiya apansi. Itsitseni mpaka kuluma kuja kutachoka, patsale mawu ofunda. Apa musathamange. Tsekani maso, tembenuzani pang'onopang'ono, imani pamene mawuwo asiya kupikisana ndi woimba.

Envelope, imene imalamula mmene mawu amayambira ndi kuthera, ndiyo imaipatsa pad mpweya. Attack (nthawi imene mawu amatenga kuti akwere) ikhale theka la sekondi kufika sekondi imodzi kuti mawu alowe mwaulemu, sustain (mphamvu ya mawu mukagwirabe kiyi) ikhale pamwamba, release (kuzilala kwa mawu mukasiya kiyi) ikhale masekondi awiri kapena atatu. Nyimbo ikakhala yothamanga, fupikitsani attack, kupanda kutero chord idzasintha pad isanafike n'komwe.

Chimene ambiri amaiwala, ndipo chimandipweteka ndikamva nyimbo yabwino itaonongeka nacho, ndi kuyenda. Mawu oima malo amodzi amatopetsa khutu m'masekondi ochepa. Tengani LFO, imene imayendetsa zosinthira mawu uku ndi uku payokha, muichedwetse kwambiri, izungulire kamodzi pa masekondi 8 kapena kuposa, muilumikize ku filter kuti iziitsegula ndi kuitseka pang'ono. Womvera asazindikire kuti china chikuyenda, angomva kuti mawuwo ali moyo. Chorus, imene imachulukitsa ndi kutambalalitsa mawu, ibwere pambuyo pake. Juno ili ndi oscillator imodzi yokha pa notsi iliyonse, ndipo kufunda kwake kotchuka kuja kumachokera kwambiri pa mabatani ake awiri a chorus. Reverb (kumveka ngati muli m'holo yaikulu) muike komaliza, osati yochuluka.

Pa nyimbo ya mnyamata uja panatsala vuto limodzi. Pad inakoma payokha, koma titabwezeretsa log drum zonse zinasanduka phala. Zinkalimbirana pansi. Tinadula mawu apansi a pad ndi high-pass filter chapa 200 Hz, ndipo ndinamuuza kuti achotse dzanja lamanzere pa notsi yapansi ya chord, imeneyo aisiyire besi. Anangotsala ndi manotsi atatu apakati. Log drum inabwerera pachifuwa, pad n'kukhala pamwamba pake.

Tisanatseke ndinatumiza nyimboyo pa foni yake kuti timvetsere pa kasipika kake. Anthu ambiri kwathu kuno nyimbo amamvera pa foni kapena pa kasipika ka Bluetooth, ndipo chorus yotambalala kwambiri imaonda mbali ziwiri za mawu, yakumanzere ndi yakumanja, zikaphatikizidwa kukhala imodzi. Pad yathu inaondadi. Tinachepetsa kutambalala kwake pafupifupi ndi theka, tinatumizanso, ndipo ulendo uno inamveka bwino kumbuyo kwa mawu a woimba. Ndalama zake zija anakagulira kiyibodi ya makiyi 49 ndi mahedifoni.