Moon Sung-min ndi nkhani ya malo a opposite ku Korea

Mukaonera gemu imodzi yokha ya V-League, ligi ya volleyball ya ku South Korea, muona msanga kuti mpira ukangovuta seta (uja amakonzera anzake mpira kuti amenye) saganizanso kawiri, amangouponyera kwa mlendo basi. Matimu aamuna alipo 7 ndipo kwa zaka zambiri mpaka 2023 timu iliyonse inkaloledwa kukhala ndi wosewera mmodzi yekha wakunja. Nde munthu mwamulipira ndalama zankhaninkhani, simungamuike poti azingolandira sevisi, mumamuika pa opposite.

Kwa amene simutsata kwambiri masewerowa, opposite ndi uja amamenya mpira kuchokera kudzanja lamanja la neti, salandira sevisi, ntchito yake ndi kugoletsa mapointi basi, makamaka mipira yoipa ija yomwe anzake ailandira mosokonekera ndipo adani atatu adumpha kale kumutchinga. Ife makochi timadziwa kuti timu yopanda munthu ameneyu imafera pa 23-23, seti ili pafupi kutha. Timu ya Samsung Fire inatenga chikho kasanu ndi kawiri motsatizana, kuyambira 2008 mpaka 2014, mbali yaikulu podalira alendo ngati Gavin Schmitt wa ku Canada ndi Leo wa ku Cuba, ndipo matimu ena onse anayamba kukopera zomwezo.

Apa mpamene Moon Sung-min, mKorea amene ankasewera pa opposite, amandisangalatsa. Anabadwira ku Busan mu 1986, kutalika 198 cm, ndipo akadali mwana wa sukulu pa Kyonggi University anali kale mu timu ya dziko yomwe inatenga golide pa Asian Games ku Doha mu 2006. Ku Korea golide ameneyu si mendulo chabe, amakuchotseranso udindo wokakhala nthawi yaitali ku usilikali womwe mwamuna aliyense amayenera kukwaniritsa, nde mnyamatayu njira inamutsegukira. Mu World League ya 2008, mpikisano wa matimu a mayiko, anagoletsa mapointi mochititsa mantha ngakhale timu yake imangogonja, matimu a ku Ulaya nkumuona.

Timu ya KEPCO inamusankha woyamba pa draft ya 2008, pomwe matimu a ligi amasankha osewera atsopano, koma iye anapita ku Germany, ku VfB Friedrichshafen, komwe anatenga nawo ligi mu 2009, kenako sizoni imodzi ku Halkbank Ankara ku Turkey. Atabwerera kwawo mu 2010 panali kamkangano ndithu, KEPCO inamupereka ku Hyundai Capital Skywalkers ya ku Cheonan posinthana ndi osewera awiri, ndipo akuluakulu a ligi anamulipiritsa chindapusa nkumuletsanso magemu oyambirira a sizoni chifukwa chozemba draft ija. Ineyo ndimaona kuti chilangocho chinangoopseza achinyamata ena kuti asamayese zopita kunja, zomwe sizinathandize dziko.

Mu 2013 anavulala bondo, mtsempha unaduka pa gemu ya World League ndi Japan, ndipo kwa munthu amene chuma chake chonse ndi kudumpha ambiri amathera pomwepo. Iye anabwerera. Kochi Choi Tae-woong atatenga timu ya Hyundai Capital mu 2015 anatembenuza zinthu, mlendo Oreol Camejo anamuika kumanzere kuti azilandira nawo sevisi, Moon nkupatsidwa opposite, ndipo mpira umachoka kwa seta mwachangu komanso motsika kupita kwa aliyense amene ali ndi mpata osati kudikira munthu mmodzi. Sizoni imeneyo anawina magemu 18 motsatizana, Moon nkukhala MVP, wosewera wopambana onse mu ligi. Sizoni yotsatira anakhalanso MVP, Hyundai Capital nkutenga chikho mu 2017 pogonjetsa Korean Air, chikho chomwe anali atachisowa kwa zaka 10.

Nanga ku timu ya dziko zimatha bwanji? Kumeneko mlendo kulibe. Mipira yovuta yomwe chaka chonse imapita kwa munthu wa ku Cuba kapena ku Canada mwadzidzidzi ikufuna mKorea, ndipo amene anazolowera kuimenya ndi ochepa, Moon, Park Chul-woo ndi ena owerengeka. Moon anatenga nawo mendulo ya malo achitatu pa Asian Games ku Guangzhou mu 2010 ndi siliva ku Jakarta mu 2018 atagonja ndi Iran mu fainolo, koma ku Olimpiki sanapondeko, amuna a Korea anakaonekako komaliza ku Sydney mu 2000.

Ndipo ngakhale ku kalabu kwake komweko zinabwerera mwakale. Mu 2018 Hyundai Capital inagula Krisztián Pádár wa ku Hungary nkumuika pa opposite, inatenganso Jeon Kwang-in wa kumanzere, Moon, MVP wa kawiri uja, nkuyamba kulowa kuchokera pa benchi. Chikho cha 2019 anatenga ndithu. Moon anakhalabe pa timu yomweyo mpaka anasiya kusewera mu Malichi 2025.