Gotye: nyimbo imodzi, eni ake angapo

Mu 2012 nyimbo ya "Somebody That I Used to Know" inakhala pa nambala 1 ya Billboard Hot 100, mndandanda wa nyimbo zotchuka kwambiri ku America, kwa masabata 8, ndipo pakutha pa chakacho ndiyo inali pamwamba pa zonse. Kuchokera pamenepo mwini wake, Gotye, sanatulutsenso chimbale china chatsopano m'dzina limeneli. Ambiri amangoti mwayi unamugwera kamodzi basi. Ife ogwira ntchito yojambula nyimbo sitivomereza zimenezo, chifukwa tikaimvetsera timamva luso la munthu amene anakhala zaka zambiri akuphunzira ntchito yake.

Dzina lake lenileni ndi Wouter De Backer. Anabadwira ku Bruges, m'dziko la Belgium, mu 1980, koma anakulira ku Melbourne, ku Australia, kumene makolo ake anasamukira iye ali ndi zaka ziwiri. Anali woimba ng'oma m'gulu la The Basics, ndipo payekha anali atatulutsa kale zimbale ziwiri, Boardface mu 2003 ndi Like Drawing Blood mu 2006. Chachitatu, Making Mirrors cha mu 2011, anachijambulira m'shedi ya pamalo a makolo ake ku Mornington Peninsula, kufupi ndi Melbourne.

Kapangidwe kake ka nyimbo kanali kotere: ankagula malekodi akale, n'kumamvetsera mofatsa mpaka atapeza kachidutswa komusangalatsa, masekondi awiri kapena atatu. Ankakadula pa kompyuta, n'kukabwereza mobwerezabwereza kuti kakhale maziko a nyimbo yatsopano. Oimba amati sample. Tcherani khutu poyambira pa nyimbo yotchukayi, mumva gitala ikulira pang'onopang'ono, mawu awiri okha akusinthana. Gitala imeneyo ndi ya Luiz Bonfá wa ku Brazil, yochokera mu nyimbo yake ya "Seville" ya mu 1967. Pamwamba pake Gotye anasanjikapo kulira kwa xylophone, kenako mawu ake otsitsa ngati munthu akudziyankhulira yekha.

Chimene chimandigwira mtima kwambiri ndi pomwe Kimbra, woimba wa ku New Zealand, amalowera. Mpaka pamenepo womvera amakhala ali kumbali ya mwamuna wodandaula kuti wasiyidwa. Mkaziyo akangoyamba kufotokoza mbali yake, nkhani yonse imatembenuka, ndipo kolasi ikabweranso simuimvanso ngati poyamba paja.

Nanga ndalama za nyimbo yotere zimapita kwa ndani? Nyimbo iliyonse ili ndi umwini wa mitundu iwiri. Pali umwini wa amene anaipeka, mawu ndi kamvekedwe, ndiye pali umwini wa chojambulidwacho, chimene nthawi zambiri chimakhala m'manja mwa kampani. Mukatenga kachidutswa m'lekodi ya wina mwakhudza zonse ziwiri, choncho chilolezo chimafunika mbali zonse. N'chifukwa chake dzina la Bonfá, amene anamwalira mu 2001, limalembedwa pakati pa opeka nyimboyi, ndipo osunga chuma chake amalandirako gawo nyimboyi ikaulutsidwa kapena kugulidwa. Oimba achinyamata ambiri amaganiza kuti masekondi ochepa alibe mlandu. Palibe lamulo lotero.

Mu 2013 Gotye analandira mphoto zitatu za Grammy, ndipo yaikulu, ya Record of the Year, anailandira kuchokera m'manja mwa woimba wotchuka Prince. Apa wina akanathamangira ku situdiyo kukapanga nyimbo ina yofanana nayo. Iye anakana ngakhale kuika zotsatsa malonda pa makanema ake a pa YouTube. Mphamvu zake anaziika pa Ondioline, kachida koimbira kamagetsi kamene Georges Jenny anapanga ku France m'zaka za m'ma 1940. Anapalana ubwenzi ndi Jean-Jacques Perrey, katswiri wa chidachi, ndipo Perrey atamwalira mu 2016 Gotye anatulutsa nyimbo zakale zosowa za Perrey kudzera ku Forgotten Futures, kampani yotulutsa nyimbo imene anaikhazikitsa yekha. Ntchito yotere sibweretsa phindu, koma nyimbo imodzi ija inamupatsa mpata woigwira mosapupuluma, ndipo ine ndimamulemekeza kaamba ka zimenezo.

Mu 2025 Doechii wa ku America anatulutsa "Anxiety", yomangidwa pa zing'wenyeng'wenye za nyimbo ya Gotye. Pa mndandanda wa oipeka pali dzina la De Backer, ndipo pali la Bonfá.